Amene Anapalasa Njingayo

Dzuwa la mu Okutobala linali litayamba kale kuwotcha pamutu ngakhale nthawi inali isanakwane teni koloko, ndipo kamphepo kouma kankamwaza fumbi lofiira pa Kasungu boma. Fainess Namakhwa anatsitsa bambo ake m'minibasi ya ku Mtunthama, nawasasa fumbi pa jekete, n'kuwatsogolera ku holo kumene kunali chionetsero.

Nkhaniyi anaimvera pa wailesi. A Steven Kaphwiti, mwana wa malemu mwini esiteti ina ya fodya, anali atatulutsa zinthu zakale za masewera a njinga zimene akhala akusonkhanitsa, kuti anthu adzaone. Pa esiteti imeneyo bambo ake a Fainess, a Gilbert, anakhalapo ngati tenanti zaka makumi awiri ndi zitatu atachoka kwawo ku Phalombe. M'chaka cha 1989 anapambana mpikisano wochokera pa boma kukafika ku Mtunthama n'kubwerera, atakwera njinga ya pa esitetipo. Chikho chinalowa m'nyumba ya bwana, njinga inabwerera kwa eni ake. A Gilbert anatsala ndi nkhani yokha, ndipo masiku ano adzukulu awo ankati agogowo akaiyamba, iwo n'kumatsinana. Fainess ankafuna chinthu chimodzi basi: akaone dzina la bambo ake litalembedwa pambali pa njingayo, alijambule pa foni, akawatseke pakamwa anawo.

M'holomo munali akuluakulu a m'maofesi, anthu amene njinga amaidziwira pa kuilizira hutala ikawatsekera msewu. Ankayenda manja kumbuyo, kugwedezera mitu zipewa zapulasitiki ndi malaya owala a ku Ulaya otsekeredwa m'magalasi. A Steven eni ake anali atavala kabudula wothina wa opalasa njinga, mimba itatsogola, ndipo nsapato zawo zinkalira ngati ziboda pa simenti.

Njinga ija inali pakati penipeni, pansanja yokutidwa ndi nsalu yofiira, chikho chili pambali. Anali ataipaka utoto wakuda wonyezimira, koma a Gilbert anaizindikira ali pakhomo. Anavula chipewa.

"Taonani mahandulowa," a Steven ankafotokozera alendo. "Mbali yakumanzereyi ndi yotsikirapo. Amisiri a ku Italy anachita dala kuti mphepo izidutsa bwino pokhota."

"Italy wake uti?" ananong'oneza a Gilbert. "Ndinagwa nayo pa mlatho wa mitengo, belo la fodya lili pa kaliyala. Ndinawongola ndekha ndi mpini wa khasu."

Anakodola mwana wawo kuti awawerengere kapepala kamene kanali patsogolo pa nsanjayo, pakuti iwo sukulu sanaiponde. Fainess anawerenga kawiri chamumtima asanatulutse mawu. "Alemba kuti, njinga imene malemu a Kaphwiti anapambana nayo mpikisano wa 1989."

Pamwamba pa kapepalako panali chithunzi. Malemuwo anali atakweza chikho m'mwamba, akusekerera. Cha m'mphepete, pamene lumo linadutsa, panatsala mkono wowonda wa munthu wina utagwira chishalo.

A Gilbert anaseka pang'ono, kuseka kopanda mawu. "Abwana aja? Tsiku lina anakwera pa sikelo ya mabelo, kalaliki anachita kutembenuka kuti aseke bwino."

Fainess sanaseke nawo. Anadutsa pakati pa ovala mataye aja nakaima pamaso pa a Steven.

"Pepani bambo, kapepala aka kalakwika. Amene anapalasa njingayi ndi awa, ndipo mkono uli pachithunzipo ndi wawo."

A Steven anayang'ana nkhalambayo kuyambira kunsapato, kenaka nkhope yawo inamasuka monga munthu amene wapeza ketulo yake yakale kuseri kwa chigafa.

"Kodi ndi a Gilibati? Mukadali moyo, madala? Abale, awa ndi tenanti wathu wakale. Anthu okhulupirika, sapezekanso masiku ano."

Alendo anawomba m'manja, osadziwa chimene akuwombera.

"Sindinati kukhulupirika," anatero Fainess. "Ndati anapalasa ndi iwo. Kupita ndi kubwera, opanda nsapato."

"Ndani wakana, achemwali? Koma mumvetse mmene zinthu zimayendera. Madala, tandikumbutsani. Fodya ankabzala ndani?"

"Ife, bwana."

"Kuthyola, kusoka, kuika m'chigafa?"

"Ife tomwe."

"Nanga belo likafika ku okushoni, pamalembedwa nambala ya ndani?"

A Gilbert anayang'ana chipewa chimene chinali m'manja mwawo. "Ya esiteti."

"Mwamva nokhatu," anatero a Steven, atatambasula manja kwa alendo. "Mpikisano ndi chimodzimodzi. Njinga yathu, chakudya chathu, tsiku limene anajomba kumunda lathu. Inapambana ndi esiteti, ndipo esiteti anali bambo anga."

Mkulu wina wa magalasi anati mfundo yake ndi yomveka. Mayi wina amene ankadzikupiza ndi pulogalamu anavomereza. Fainess anawayang'ana onsewo mmodzimmodzi, anthu amene sangapalase kuchoka pa holopo kukafika kumsika osaitanitsa madzi.

"Ndiye bambo anga ndi belo?"

"Musandiike mawu m'kamwa. Ine si munthu wouma mtima." A Steven anapempha cholembera kwa mkulu wa magalasi uja, nawerama movutikira pa kapepala kaja. "Tiwaikapo, palibe vuto. Paja ndinu a Gilibati ndani?"

Zaka makumi awiri ndi zitatu. A Steven omwewa ali mwana ankanyamulidwa pa kaliyala yomweyo kupita kusukulu ya pulayimale, atagwira malaya a mwini dzinalo.

"Namakhwa, bwana."

"Lalitali, malo achepa. Loyambalo likwanira."

Analemba mizere iwiri ya timalemba ting'onoting'ono pansi penipeni, nabweza cholembera, n'kuitana wojambula zithunzi kuti adzawajambule ali ndi tenanti wa bambo awo.

A Gilbert anasendera pafupi. Anayang'ana inki yatsopanoyo nthawi yaitali, monga mlimi ayang'anira nazale imene yangomera, kenaka anagwira dzanja la mwana wawo.

"Alemba, mwanawe? Ndi langa limeneli?"

Fainess anawerenga. Akanatha kungovomera. Akanajambula, anawo akanaona dzina la agogo awo pafupi ndi chikho, ndipo mwina sakanavutika n'kuwerenga mawu enawo. Koma bambo ake anali akumuyang'ana m'maso, akudikira ngati mmene ankadikirira kalaliki wa pa esiteti kuti awauze zimene zili papepala, ndipo iye sanafune kukhala kalaliki winanso wowanamiza.

"Dzina lanu lilipo, ababa," anatero pang'onopang'ono. "Alemba kuti, njingayi ankaipukuta ndi kuithira mafuta ndi Gilibati, wantchito wa pa esiteti."

Wojambula uja anali atakonzeka. A Steven anakweza mkono kuti akoleke a Gilbert paphewa, akumwetulira kale kuyang'ana kamera.

A Gilbert anausiya mkonowo uli m'malere. Anavala chipewa chawo bwinobwino, anamanga batani la jekete, nadutsa pakati pa alendo aja osayang'ana njinga kapena munthu aliyense, mpaka anatuluka pakhomo n'kulowa m'dzuwa.