Kaufiti Wachita Maluwa

"Taonani nokha, alamu," anatero mng'ono wa malemu, akuloza ndi phazi. "Munda wonse wafiira. Kwangaku mukuonako duwa ngakhale limodzi?"

Mayi wamasiyeyo anayang'ana. Chimanga chake chinali chopinimbira, chachikasu, cholekeza m'mawondo, ndipo pansi pake kaufiti, kaudzu koyamwa mizu kaja, anali atachita maluwa ngati pali ukwati. Kutsidya kwa malire, cha mlamu wakeyo chinali biriwiri. Kuyambira matenda mpaka maliro palibe anaponda kumunda, ndiye kaufiti anapezerapo danga.

"Dzina lakelo likunena lokha," anapitiriza mlamuyo. "Kaufiti samera pachabe. Achimwene angodwala pang'ono, basi apita. Lero munda ndi uwu. Abale akuti malowa abwerere kwathu, inu mukapumeko kwanu."

Kukapumako! Munthu n'kukapuma ndi ana kumene alibe ngakhale mzere umodzi?

"Alamu, kaufiti amabwera nthaka ikatopa," anayankha motsitsa mawu. "Kale tinkasinthitsa, chaka chino chimanga, chamawa mtedza. Ntchito itakutherani, achimwene anu anakudulirani mbali yabwino ija. Ife tinatsala ndi kachidutswa aka, chimanga pa chimanga chaka ndi chaka. Tikanasinthira pati?"

"Ndiye mukuti wolakwa ndine?"

"Sindinatero."

"Mwatero."

Mayiyo anaona kuti chilichonse anganene chimubwerera yekha.

Atafika kunyumba, mlamuyo anaima pakhomo n'kuitanitsa jekete la achimwene ake, lomwe ankavala popita kumunda. Mayiyo analichotsa pamsomali kuseri kwa chitseko, likadanunkha thukuta ndi utsi. Mlamuyo analivala pomwepo, manja ake n'kumulekeza m'zala. Anapisa m'thumba, ndipo anatulutsa chiphukusi cha zitsamba zouma, mizu ndi timaluwa tofiira tili pomwepo.

"Ehee! Nanga ichi? Mpaka kuwaikira m'thumba?"

Mayiyo akanayambira pati? Mwamuna wake akafika kumunda m'mawa sankayamba ndi mizere yake. Ankayamba kumalire, kuzula kaufiti mmodzimmodzi asanakhwime, n'kumaponya m'thumba kuti njere zisagwe pansi, akafika kunyumba n'kutentha. Mayiyo ankamukalipira. "Chanu chikufa pakatipa, inu muli kalikiliki kulondera cha eni ake!" Bamboyo ankangoseka. "Mng'ono wanga uja ulimi sauziwa. Ameneyu akaolokera kwake, ana ake agona ndi njala." Tsiku lomaliza anabwera akunjenjemera, ndipo moto sanaukoleze.

"Abale akaone okha," anatero mlamuyo. "Inu yambani kumanga katundu."

Ananyamuka mwaliwiro, n'kudula njira yachidule yodutsa m'munda mwake, dzanja lili m'mwamba, akugwedeza chiphukusi chija kuti aliyense aone. Kafumbi kakuda kankayoyoka m'mizere yobiriwira ija.

Mayiyo anathamangira kumapeto kwa bwalo, mwana wamng'ono atamugwira nsalu.

"Alamu!" anakuwa. "Musagwedeze choncho. Bwezerani m'thumba, njerezo zikugwera m'chimanga chanu."

Mlamuyo sanacheuke.