Bambo anakwera ya Lachiwiri

Dokotala wa ku Lilongwe anauza bambo anga mosabisa kuti msana wawo sungapirire kukhala pampando ulendo wonse wa ku London. Ine ndine namwino, ndinkadziwa kuti sankanama. Koma ukwati wanga ndi Brave unali mu Ogasiti 2006, kutchalitchi chathu cha ku Tottenham, ku London komweko, ndipo ndinkafuna chinthu chimodzi chokha: bambo andigwire dzanja, tiyende limodzi kuchokera pakhomo mpaka kuguwa. Mayi anatisiya kalekale. Keke ikanatha kugwa, maluwa kufota, ine osadandaula.

Ndiye ndinapita kwa a Chisenga. Iwowa anali mkulu wa mpingo, analinso wapampando wa komiti ya ukwati wanga, ndipo anali ndi kaofesi kogulitsa matikiti a ndege pamwamba pa golosale ina. Amalawi tonse tinkagula kwa iwo. Munthu wake ankayamba ndi pemphero asanayatse kompyuta, ndiye ukanamukayikira poyambira pati?

Anandilozera chithunzi chimene chinali pakhoma. Mpando wa bizinesi kilasi unali utayalidwa ngati bedi, mzungu wina atafunda bulangete, akumwetulira ali m'tulo.

"Tionenji mwana wanga, madala akagona apa akadzukira ku Heathrow," anatero a Chisenga. "Flat bed imeneyi. Ndawapezera malo Lachiwiri, kubwera ndi kubwerera komwe."

"Ndi mpando womwewu?" ndinafunsa.

"Womwewu. Ine ndinganamize mwana wa mumpingo?"

Mtengo wake sinditchula, ndimachita nawo manyazi. Ndingonena kuti miyezi yonse yozizira ndinkati ndikaweruka kuchipatala, ndinkakalowanso kunyumba yosamalira okalamba ku Woolwich, kukatembenuza makolo a eni ake kuti bambo anga adzagone mowongoka. Diresi laukwati ndinachita kubwereka kwa Edna, mnzanga wa kuntchito.

Lachitatu m'mawa ndinali kubwalo la ndege la Heathrow. Anthu anatuluka, anatuluka, mpaka pakhomo panayera. Bambo anatulukira kumapeto, ali panjinga ya olumala, nsapato atazinyamula pamiyendo chifukwa mapazi anali atatupa. Ku Lilongwe anakwera ndege akuyenda okha ndi ndodo yawo. Amene ankawakankha anandiuza m'Chingerezi kuti anachita kuwanyamula anthu awiri kuti achoke pampando.

"Mwayenda bwanji, bambo?"

"Ndayenda bwino kwambiri, mwana wanga. Anandipatsa kansalu kotentha kopukutira m'manja. Anthu aulemu."

"Munagona?"

"Ngati khanda."

Bambo anga ndi a mbadwo uja wosanyoza mphatso. Ukawagulira malaya othina amavala ndithu, n'kumapuma pang'onopang'ono kuti mabatani asaduke, n'kukuthokoza kawiri. Ndinawayang'ana m'maso, maso ofiira a munthu amene sanaone tulo, koma pakamwa pawo sipanatuluke dandaulo.

Amene anandimasulira ndi Edna. Anabwera kufulati kwanga madzulo kudzawaona, ndipo titalowa kukhitchini ndinamuuza zonse.

"Wati anakwera ya Lachiwiri?" Edna anagwira pakamwa. "Tione, imeneyo ndi ndege yakale ija. Mabedi ali m'ndege yatsopano, ya Lachinayi ndi Loweruka. Yakaleyo mpando umangopendekeka pang'ono ngati wa m'basi ya ku Blantyre. Kampani yomweyo, business yomweyo, ndalama zomwezo."

"A Chisenga akuzidziwa zimenezi?"

"Si iwowo anandiuza chaka chatha? Apongozi awo anawakweza ya Lachinayi."

Ndinakhala pansi pomwepo, pafupi ndi firiji. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chimene chinandipweteka kwambiri sichinali ndege ayi, chinali pemphero lija.

M'mawa mwake ndinakwera sitima kupita ku Tottenham mtima ukutentha. Ndinawapeza a Chisenga akumwa tiyi, mzungu uja akugonabe pakhoma.

"Sister, aircraft ndi subject to change," anatero, kutanthauza kuti kampani imatha kusintha ndege nthawi iliyonse. Tsiku limeneli sindinalinso mwana wawo, ndinali sister. "Patikiti palembedwa business, ndipo madala anakhala mu business. Shampeni sanawapatse?"

"Bambo samwa. Inu munkadziwa kuti ya Lachiwiri ilibe mabedi."

Anayamba kusanja mapepala amene anali osanjika kale. Kenako anati, motsitsa mawu, "Ya Lachiwiriyo ndinali nditagwiriratu mipando. Ikanatsala ndikanaluza ndine. Tiyeni tisaipitse sabata yachimwemwe."

Ndinawapempha kuti asinthe tikiti yobwerera. Anati ndege za masiku enawo zadzaza, paja inali nyengo ya tchuthi. Ndinaimbira kukampani ya ndegeyo, ndipo mayi wa mawu ofewa anandipepesa mokoma kwambiri n'kundiuza zomwezomwezo. Onsewa anandidyera masuku pamutu, wina ndi Baibulo, wina ndi mawu ofewa.

Nditafika kunyumba ndinagwada pafupi ndi bedi limene bambo anagonapo, ndikufuna kuwauza kuti anatipusitsa. Sanandilole kumaliza.

"Usatero," anatero. "Unagula ndi thukuta lako. Chinthu chimene mwana wanga wandigulira sichingakhale choipa."

Ndinawasisita msana, ndinawamwetsa mankhwala, ndinawaikira botolo la madzi otentha. Zonse zimene ndimachitira makolo a anthu ena ndinachita. Lachisanu anatha kuima pang'ono atagwira khoma, ndipo ndinayamba kukhulupirira kuti zitheka.

Loweruka, pakhomo la tchalitchi, kwaya itayamba kuimba, bambo anagwira ndodo yawo nayesa kudzuka panjinga. Anadzuka theka, nkhope inakwinyika, anabwerera pansi. Anayesanso. Thukuta linayenderera mpaka pakolala ya suti imene anasoketsera tsikuli. Kachitatu sanayese, anangoyang'ana pansi.

Apo ndi pamene a Chisenga anandiyandikira, duwa lili pachifuwa, n'kundinong'oneza, "Nthawi yatha. Ndikulowetse ine, paja kuno kholo lako ndine."

Ndinapatsira Edna maluwa, ndinakwinya diresi la eni ake, n'kugwira zogwirira za njingayo. Ndinawakankha ndekha bambo anga mpaka kuguwa. Tili pakati pa tchalitchi anatukula mkono kumbuyo, pamwamba pa phewa lawo, n'kundigwira pamkono. Kugwirana dzanja kumene ndinakuvutikira chaka chonse kunali kumeneko. Anthu ankati ndikulira ndi chimwemwe.

Kuholo, perekaniperekani asanayambe, woyendetsa mwambo anapereka maikolofoni kwa bambo kuti alankhule monga kholo. Anathokoza Mulungu, anathokoza akuchimuna, anakumbukira mayi. Kenako anakweza mawu.

"Mwana wangayu sanandikweze ndege wamba ayi. Anandiika kwa mabwana. Ine mphunzitsi wopuma ntchito, ndinagona pabedi m'mwambamwamba, kudzuka ndili ku London. Musaone njingayi, uwu ndi ukalamba chabe. Ndithokozenso a Chisenga, amene anakonza zonse."

Azimayi anaimba nthungululu. A Chisenga anaimirira, dzanja pamtima, n'kuwerama mbali zonse za holo. Ndinaona ndi maso angawa amayi awiri akuwatsatira kukapempha nambala, mmodzi akunena kuti nayenso ali ndi mayi odwala miyendo kumudzi.

Woyendetsa mwambo anabweretsa maikolofoni kwa ine. Brave anandifinya dzanja pansi pa tebulo, poti ankadziwa zimene zinali kukhosi kwanga. Koma kuti ndiwavule a Chisenga pamaso pa anthu, ndinayenera kuyamba ndanena kuti bambo anga anama, bambo amene ananama chifukwa cha ine, atakhala apo akumwetulira ndi msana wawo wowawa.

"Zikomo nonse pobwera," ndinatero, n'kubweza maikolofoni.

Nyimbo zinayamba, anthu anadzuka kukavina. Bambo ankaomba m'manja ali panjinga pawo, ndipo ine ndinkawayang'ana ndikudziwa kuti Lachiwiri likubwera ndidzawakweza ndege yomwe ija.