Damu la a Morton pa Malo a Lowe

Malo amene a Morton anapatsidwa atabwerera kwawo kwa Changata anali a lowe. Anali kumunsi kwenikweni kwa mudzi, m'mbali mwa kamtsinje kochokera ku minda ya tiyi. Chimanga chinkamera bwino pamenepo, kenako n'kusanduka chachikasu, mizu n'kuola. Nthochi zimene anabzala m'mphepete nazo zinagwidwa ndi matenda a chisaka.

A Morton anagwira ntchito pa esiteti kuyambira ali mnyamata. Ankathyola tiyi nyengo ya mvula, n'kumadulira nyengo ya chisanu. Anakwatira kwa Mphuka ndipo ankakhala chikamwini. M'chaka cha 2002 akazi awo a Hazel anamwalira. Chaka chomwecho kampani inachepetsa antchito, iwonso anawaimitsa. Mwambo wa kusudzula utatha, ana anatsala kuchikazi, ndipo iwo ananyamula khasu, chikwanje ndi chikwama cha zovala n'kubwerera kumudzi kumene anachokako kalekale. Mayi awo ndi alongo awo anali atamwalira. Ana a alongo awo anawalandira mwaulemu, koma minda yabwino yonse inali ndi eni ake.

Nyumba yawo inali payokha kumunsiko. M'mawa ankaona anthu akudutsa mumsewu wa kumtunda, madengu kumsana, akupita kukathyola. Panalibe wowaitana. Masiku ena dzuwa linkalowa asanalankhule ndi munthu. Pa Sabata ankapita kutchalitchi, kukhala pa benchi yakumbuyo, n'kubwerera okha.

Tsiku lina akuyang'ana madzi aja, anakumbukira damu la pa esiteti, mmene nsomba zinkadumphira ndi mmene mbalame zinkaterera m'mbali mwake. "Ngati malowa akukana chimanga, mwina angalole nsomba," anatero mumtima.

Sanafunse aliyense. Anadula mitengo, anatuta miyala, anadzaza dothi m'matumba akale a fetereza, n'kutchinga mtsinje wonse. Inali nyengo yotentha. Madzi atayamba kudikha kuseri kwa khomalo, a Morton anamwetulira koyamba chimwalirireni akazi awo.

Koma kumunsi kwa mtsinjewo kunali dimba la a Teleza, mayi wamasiye amene ankalera adzukulu ndi tomato ndi mpiru. Posakhalitsa a Teleza anafika, kheni lothirira lili m'manja lopanda kanthu.

"Odi kuno! A Morton, madziwa mwawatsekera chiyani?"

"Ndikufuna kuweta nsomba, mayi. Ndasiya kampata pambalipa, madzi azidutsa."

"Kampata kameneko? Tomato wanga akufota. Mtsinjewu tinaupeza, ndipo timamwa tonse. Mukanabwera kudzatifunsa."

"Pepani, ingopirirani. Mvula ikabwera akwanira."

A Teleza anawayang'ana, n'kutembenuka osatsanzika.

Mvula inabweradi, koma inabwera ndi mphamvu. Masana ena kunagwa chimvula kumapiri, ndipo mtsinje unadzaza ndi madzi ofiira. Khoma lija linangoti phofo! Madzi, miyala ndi matumba zinatsetsereka n'kukalowa m'dimba la a Teleza. Mvula itakata, a Morton anathamangira kumunsi. Anapeza a Teleza ataima m'matope, akuzula timitengo ta tomato timene tinatsala. Anawerama n'kuyamba kuthandiza kutola miyala. A Teleza sanawalankhule, sanawayang'anenso.

Kuyambira tsiku limenelo ngakhale moni wa panjira unachepa. Pachitsime anthu ankati, "Munthu wangobwera dzulodzuloli, wayamba kale kuononga." A Morton anayamba kuganiza zopita ku Limbe kukafuna ntchito ya ulonda.

Asanapite, kunabwera mlendo. M'mawa wina anamva njinga yamoto ikuima kumtunda. Kunatsika mayi wovala magambutsi, ali ndi a Teleza pambuyo.

"Ine ndine Salome, mlangizi wa ulimi wa nsomba m'dera lino," anatero mayiyo. "A Teleza anabwera kudzadandaula. Ndati ndidzaone ndekha."

A Morton anagwetsa nkhope. "Ndalakwa, alangizi. Za nsombazo ndazisiya. Ndikuchoka."

"Maganizo oweta nsomba sanalakwike, bambo. Chalakwika ndi malo amene munaika damu, ndiponso kuyamba musanakambirane ndi anzanu. Damu sitimanga mumtsinje. Mtsinje ndi wa aliyense, ndipo ukadzaza palibe khoma la matumba limene lingauletse. Damu timakumba pambali, pamalo pamene madzi osefukira safika. Madzi timapatutsa pang'ono ndi kangalande, otsala azipitirira kwa anzathu."

A Salome anayenda pa malo a lowe aja. Anakumba pang'ono ndi khasu, anatapa dothi, analiumba ngati mpira, n'kuliponya m'mwamba n'kuliwakha. Silinasweke.

"Mwaona? Ili ndi dongo, limasunga madzi. Likanakhala la mchenga, likanamwazika. Malo amene mukuwadandaulawa ndi abwino kwambiri pa damu."

"Ndiye ndiyambe liti?" anafunsa a Morton.

"Muyambe ndi dimba la mayiwa. Mukonze zimene zinaonongeka. Kenako mupite limodzi kwa amfumu ndi ku komiti ya chitukuko, mukagwirizane za madzi. Zikatha zimenezo, mundiitane."

A Morton anatembenukira kwa a Teleza. "Mayi, ndinakulakwirani. Munandichenjeza, ine osamva. Mundilole ndikonze."

"Bwerani mawa ndi khasu lanu," anatero a Teleza.

A Morton anachotsa miyala yonse m'dimbamo, anakonza mabedi, anathandiza kuwokera mbande zatsopano. Kwa amfumu anagwirizana kuti ngalande izitsegulidwa podzaza damu ndi poonjezera madzi basi, ndipo nyengo yotentha madimba aziyamba ndiwo kuthirira.

Mvula itatha, a Salome anabwera kudzakhoma zikhomo. Anawauza kuti mbali yolowera madzi ikhale yosaya, yofika m'mawondo, ndipo mbali yotulukira ikhale yofika m'chiuno. Dothi lokumbalo amangire makoma, aziika pang'onopang'ono n'kumatsindira ndi chipika, makomawo akhale otsetsereka kuti asagumuke. Pamwamba abzale kapinga. Polowera ndi potulukira madzi aike nsungwi zoboola, n'kutchinga ndi sefa kuti nsomba zisathawe.

Ntchitoyo a Morton anaigwira okha nyengo yonse ya chisanu. Nkhungu inkakuta minda ya tiyi mpaka dzuwa kukwera, ndipo m'chigwamo munkangomveka khasu limodzi. Manja anatuluka matuza. Nthawi zina ankaima n'kucheuka ngati pali wina woti amuonetse pamene afika, koma panalibe. Ankapukuta thukuta n'kupitiriza.

Damu litadzaza, anamanga kakhola ka timitengo pakona, koikamo manyowa. Tsiku lotsatira anapeza thumba la zitosi za nkhuku pakhomo pawo. Sanafunse, koma anadziwa kuti lachokera kwa a Teleza.

"Manyowawa amabiriwitsa madzi, ndipo kubiriwirako ndi chakudya cha nsomba," anafotokoza a Salome atabweranso. "Mukaviika mkono mpaka m'chigongono n'kulephera kuona chikhatho, ndiye kuti zakwana, musaonjezere. Tsopano mukufuna mbewu yanji?"

"Iliyonse, koma mlamba ayi. Ndine wa Sabata, sitidya nsomba zopanda mamba."

A Salome anaseka. "Tikupezerani makumba ndi chilunguni. Za mamba zonsezo. Muzizipatsa gaga wa kuchigayo ndi masamba a mbatata kapena a chinangwa."

Tiana ta nsombato anakatitenga kwa mlimi wina kwa Nsabwe, m'ndowa, kusanatenthe. Atafika anaviika ndowayo m'damu, n'kuipendeketsa pang'onopang'ono mpaka tonse titatuluka tokha.

Sipanapite nthawi, pamalopo panasintha. Achule anayamba kulira. Atombolombo ankauluka pamwamba pa madzi. Akakowa ankatera pa khoma, ndipo nantchengwa ankayenda m'mbali mwakachetechete. Pa Sabata akabwera kutchalitchi, a Morton ankakhala pa chitsa n'kumangoonerera mpaka madzulo.

Koma m'mawa wina anapeza mitu ya nsomba pa khoma, ndi mapazi pamatope. Anali katumbu. Mawa lake anapezanso zomwezo. Akupita kuchigayo anakumana ndi a Yona, mnzawo wakale amene ankapopera mankhwala pa esiteti, ndipo anawafotokozera.

"Zosavuta zimenezo, achimwene," anatero a Yona. "Ndikupatsani kabotolo ka mankhwala a ku esiteti. Mupake pa nsomba yakufa, muisiye pa khoma. Katumbu, ng'azi, mbalame, zonse zitheratu."

A Morton anatsala pang'ono kuvomera. Mtima unkawawa ndi nsomba zawo. Koma nthawi ino anati ayambe afunsa. Anayenda wapansi mpaka ku ofesi ya alangizi.

"Mwachita bwino kubwera," anatero a Salome. "Mankhwala amenewo sasankha. Mvula ikagwa alowa m'damu n'kupha nsomba zanu. Akatuluka apita kumtsinje kumene anthu amatunga ndi kuthirira ndiwo. Galu kapena nkhuku ikadya nyamboyo ifa, mwinanso wina n'kudya nkhukuyo. Ndiponso malamulo salola."

"Nanga ndingoonerera katumbu akundimalizira?"

"Ayi. Mangani mpanda wa nsungwi wothithikana kuzungulira damu, muuzike pansi ndithu. Utetezanso ana kuti asagweremo. M'madzimo muikemo nthambi zoti nsomba zizibisalamo, ndipo pamwamba mukoke zingwe kuti mbalame zisamatere pakati. Kunja kwa mpanda, kumene madzi amatulukira, musiyeko kachithaphwi ndi bango lake. Mbalame ndi achule zizikhala kumeneko. Zambiri mwa izo ndi zothandiza. Zimadya tizilombo ta m'dimba ndi mphutsi za udzudzu."

A Morton anachita zonsezo. Katumbu anazungulira mpandawo kangapo, kenako mapazi ake anasiya kuoneka. Mbalame zinasamukira ku kachithaphwi, ndipo timba anayamba kumanga zisa m'bangomo. Madzi otuluka m'damu, okhala ndi manyowa, ankatsikira ku dimba la a Teleza, ndipo mpiru wawo unanenepa kuposa kale.

Patatha pafupifupi theka la chaka, a Salome anabwera ndi khoka. Khoka silikokedwa ndi munthu mmodzi. A Morton anaima m'madzi atagwira mbali imodzi, akuyang'ana mbali inayo. A Teleza anakwinya chitenje, n'kulowa.

Pamene khoka linkafika kosaya, madzi anawira ndi nsomba. Anthu amene ankaonerera ali kumsewu anatsika ndi mbale ndi mabeseni. Zikuluzikulu anazipatula, zing'onozing'ono anazibwezera m'madzi. A Morton anatapa beseni loyamba n'kupereka kwa a Teleza. Zina anagawira abale, zina anagulitsa pomwepo kwa anthu ochokera kothyola tiyi.

Anthu atabalalika, m'chigwamo munabwereranso bata. A Morton anatsala akutsuka khoka. Kenako anamva mapazi. Anali a Yona, chipewa chili m'manja.

"Achimwene, kwathu kulinso malo a lowe amene ndinawataya. Mungadzandionereko dothi?"

"Ndibwera," anayankha a Morton. "Koma tikayambe taonana ndi amene ali kumunsi kwanu."

Owerenga, damu la nsomba lingasandutse malo otayika kukhala a phindu. Koma musanagwire khasu, funsani alangizi ndipo kambiranani ndi anzanu amene mumamwa nawo mtsinje umodzi. Musatchinge mtsinje, kumbani pambali. Tetezani nsomba ndi mpanda, osati ndi mankhwala, ndipo siyirani mbalame ndi achule malo awo. Damu lokumbidwa bwino limadyetsa mwini wake popanda kuliza mnansi.