Mbewu Imene Inapsa ku Utale

Chimanga chonse chimene banja la Che Usumani linadzala chinapsa chisanafike ndi m'kakolo momwe. Munali mu Novembala, chaka cha 1978, ndipo panali patapita masabata atatu kumwamba kuli mbee. Kulusumu, mwana wawo woyamba, ankayenda m'mizere akutola timasamba tofota. Mtima unkamupweteka kuposa wina aliyense, chifukwa panali kanthu kamene ankakadziwa yekha.

Banjali linali litangochoka ku Limbe. Sitolo imene Che Usumani ankasokera pakhonde pake itatsekedwa, anakweza makina osokera ndi katundu yense m'sitima n'kukatsikira pa Utale, kwawo kwa mayi ake a Kulusumu. Mtsikanayu anabadwira m'tauni, ndipo anali atangolemba mayeso a Sitandade 8. Khasu linkamutulutsa matuza, madzi a pachitsime ankawamva mchere, ndipo anzake akamuitana kuti "dona wa ku Limbe" ankangoyang'ana pansi.

Mvula yoyamba inagwa pakati pa Okutobala, yamabingu ndithu. Che Usumani anatulutsa thumba la mbewu limene anagula m'tauni.

"Tiwaonetse anthu a kuno kuti telala nayenso amalima," anatero.

M'mawa mwake, akupita kuchitsime, Kulusumu anakumana ndi a Willard, mwini munda woyandikana ndi wawo.

"Iwe mwana wa Che Usumani, ukawauze bambo ako asadzale. Iyi si mvula yodzalira iyayi, ndi chizimalupsa. Imangobwera kudzazimitsa moto wa m'tchire. Ikapita, dzuwa libwerera ndi ukali."

Kulusumu anavomera. Koma atafika pakhomo anapeza bambo ake akuimba, koyamba chichokereni ku Limbe, ndipo uthengawo sanaunene. Komanso, kunena zoona, mumtima ankati munthu wa malaya azigamba sangadziwe zoposa zolembedwa pathumba la mbewu. Tsiku limenelo banjalo linadzala thumba lonse.

Tsopano mbewu inali itatha, munda uli gwaa. Tsiku lina masana Che Usumani anayamba kupukuta makina awo mwakachetechete.

"Ndikawagulitsa ku Balaka mawa," anauza akazi awo. "Tigule mbewu ina."

"Nanga mukagulitsa, tidzagwira mtengo wanji?" anafunsa mayiwo.

Kulusumu anagwada chapatali.

"Ababa, ndinalakwa ndine. A Willard anandituma kuti musadzale. Ine sindinanene."

Che Usumani anaimirira. Kenaka anavala chisoti chawo.

"Ngakhale ukananena, mwina sindikanamva. Miyezi itatu ndakhala pano, munthuyo sindinamuchezerepo. Tiye."

Anawapeza a Willard akusema mpini pansi pa mtengo wa bwemba.

"Aa, Che Telala! Mwabwera kudzandiyeza buluku?"

"Ndabwera kuti mundiyeze ine, achimwene. Ulimi wandikulira."

A Willard anaseka mpaka kutsokomola. Atatha anatenga khasu, n'kukumba pambali pa nyumba.

"Kuno ku Utale mvula timaiyesa ndi dzanja, osati ndi maso. Ikagwa masiku awiri kapena atatu, kumbani. Chinyontho chikafika pamene pathera chikhatho, dothi n'kumaumbika mukalifumbata, dzalani. Ndipo musamathire mbewu yonse tsiku limodzi. Ina muzisunga."

Analowa m'khitchini n'kutsitsa ngala za chimanga cha makolo zimene zinapachikidwa kudenga, zakuda ndi utsi. Anawonjezapo chipanda cha mapira ndi nandolo wodzaza manja awiri.

"Mapira sachita mantha ndi dzuwa la kuno. Chimanga chikakana, iwo amavomera."

"Ndikubwezerani chiyani, achimwene?"

"Buluku langali mwaliona. Kutchalitchi ndimakhala kumbuyo kuopa kuonetsa anthu zachinsinsi. Koma Lachinayi mubwere ku kalabu ya alimi, alangizi a zaulimi amafika. Nayenso dona wa ku Limbeyu abwere, amadziwa kulemba, ife maso anatha."

Kulusumu anamwetulira, osayang'ananso pansi.

Mvula yeniyeni inabwera kumapeto kwa Novembala, inagwa masiku atatu. Kulusumu ndiye anakumba, napisa dzanja, nafumbata dothi. Linaumbika.

"Ababa, yakwana!" anafuula, mpaka anadzidabwa yekha kuti mawu otere anali nawo.

Chaka chimenecho sanakolole zodabwitsa. Chimanga chinafika theka la nkhokwe, koma mapira anabereka kwambiri, nandolo nayenso anawathandiza ndiwo mpaka chilimwe. Njala sinalowe m'nyumba mwawo. Makina sanagulitsidwe, ankalira pakhonde tsiku ndi tsiku, kusoka mayunifolomu a ana a sukulu ndi madiresi a Idi. Pokolola, Che Usumani anasankha ngala zazikulu, zina anapachika kudenga, zina anapatsa Kulusumu kuti akatule kwa a Willard.

"Alihamudulila," anatero. "Mulungu anatipatsa mnansi tisanadziwe n'komwe kuti tikumufuna."

Inu amene mukubwerera kumudzi kuchokera m'tauni, musachite manyazi kufunsa. Musadzale ndi mvula yoyamba, ndipo musathe mbewu yonse nthawi imodzi. Chezerani anansi anu, pitani kwa alangizi a zaulimi. Ndipo inu ana, mukatumidwa uthenga wothandiza, kaufikitseni, ngakhale mawu akunjenjemera.