Masitepe a Kuseri kwa Khitchini

"Ayi, a Sugden, apa sipangalowe msomali ngakhale umodzi," anatero Mayi Bhatti a ku khonsolo, akusisita chogwirira cha masitepe ngati akusisita mphaka.

A Alwyn Sugden anatsamira ndodo zawo ziwiri n'kuyang'ana m'mwamba. Masitepewo anali a mtengo wa oki, otakata moti anthu atatu akanakwera mogundana mapewa. Pamzati woyamba panali mutu wa nkhosa wosema, chizindikiro cha mwini fakitale ya ubweya amene anamanga nyumbayi mu 1874. Pokhotera, zenera lalitali la magalasi ofiira ndi obiriwira linkathira kuwala pamatailosi. Chitulukireni m'chipatala ndi chiuno chachitsulo, miyezi iwiri yapitayo, a Sugden anali asanapondeko. Ankagona pasofa m'chipinda chochezera, zovala zili m'makatoni.

"Nyumba ndi yanga iyi," anatero.

"Ndi yanu ndithu, koma ili m'kaundula wa nyumba zakale zotetezedwa. Mpando wamagetsi umene mukufunawo umayenda panjanji, ndipo njanjiyo aikhomera m'matabwa amenewa. Zimenezo sindingasainire."

"Ndiye kuti nkhosa yathabwayi ili ndi womenyera ufulu wake, ine ndilibe."

Mayi Bhatti anamwetulira. "Koma ndaona masitepe ena kuseri kwa khitchini, aja a antchito. Ndi a paini wamba, ndipo anawakonzapo kale kangapo. Kumeneko ndingalole."

Nkhope ya mkuluyo inagwa. "Kumeneko ayi."

Mayiyo anasiya fomu patebulo n'kutsanzika. Rosalind, mwana wamkazi wa a Sugden, amene anabwera m'mawa womwewo kuchokera ku Leeds, anatereka ketulo. Atawaikira tiyi patsogolo m'pamene anatsegula pakamwa.

"Adadi, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Wogona pasofa ndi inu, si mayi aja."

"Ukudziwa chifukwa chake."

Ankadziwadi, chifukwa nkhaniyo inkakambidwa Khrisimasi iliyonse. Amayi a Alwyn, a Edna, analowa ntchito m'nyumba imeneyi ali ndi zaka khumi ndi zinayi. Ankakweza ndowa za malasha ndi madzi otentha pamasitepe akumbuyo, m'mawa ndi madzulo. Tsiku lina, pofulumira ndi nsalu zapabedi, anadzera kutsogolo, ndipo dona wa nyumbayo anawakalipira pamaso pa alendo. Patapita zaka zambiri, bizinesi ya malole itamuyendera, mwana wawo Alwyn anagula nyumba yonseyo. Anawalowetsa pakhomo lalikulu atavala chipewa chawo chakutchalitchi. Atafika patsinde pa masitepe a oki, a Edna anaima n'kufunsa monong'ona, "Kodi atilola?" Iye anawagwira mkono n'kukwera nawo mpaka pamwamba.

"Ndinalumbira tsiku limenelo," anatero a Sugden, "kuti wakubanja kwathu sadzadzeranso kumbuyo."

Rosalind anatembenuza kapu yake pambale. "Ndikuuzeni chinthu, koma musandiponyere ndodo."

"Nena, ndilibe mphamvu yake."

"Agogo ankadzera kumbuyo tsiku ndi tsiku."

"Bodza."

"Lole yanu ikangotuluka pageti, basi. Ine ndinkawatsata m'mbuyo nditanyamula matawulo. Ankati akutsogolowo ndi oonetsera alendo, amaterera ngati sopo, koma akumbuyo amawadziwa mapazi awo. Anandiopseza kuti ndikakuuzani sadzandiphikiranso keke ya jinja."

"Zaka zonsezi wakhala chete chifukwa cha keke?"

"Inali keke yabwino, Adadi."

A Sugden anaseka pang'ono. Kenaka anatola ndodo, nayenda pang'onopang'ono kudutsa mbaula yakale yachitsulo, mpaka pakachitseko kamene anali asanakatsegule kwa zaka zambiri.

Munatuluka fungo la fumbi ndi la utoto wakale. Masitepewo anali opapatiza, otsetsereka, opanda chosema chilichonse, ndipo kazenera kamodzi kam'mwamba ndiko kankawaunikira. Sitepe iliyonse inali yokumbika pakati, yosalala ngati mkati mwa supuni. A Sugden anaweramira pansi movutikira, Rosalind atawagwira lamba, n'kuika chikhatho m'kadzenje ka sitepe yachitatu. Dzanja linakwanamo bwinobwino.

"Ankaimba?" anafunsa osatembenuka.

"Nyimbo zakutchalitchi. Molakwitsa mawu."

"Ndi iwowo."

Anadzuka, napukuta dzanja pathalauza, n'kubwerera kutebulo. Anavala magalasi ndi kukokera fomu ija pafupi.

"Uwaimbire mayi aja mawa," anatero akufunafuna cholembera m'thumba. "Koma amisiri odzaika mpandowo uwauze kuti njanji idutse m'mbali mwa khoma. Pakatipo pakhale momwe palili."