Khobidi Lopotoka la Amake Fabian

Chimwalirire akazi awo, a Lazarous Njovu a ku Ndake adasanduka munthu wocheza ndi nkhuku. Mwana wawo Fabian anali ku Lusaka, wokumbuka kwawo pa Khirisimasi pokha. Ngakhale wailesi imene ankaitama kuti siidwala idangoti zii maliro atangotha. Iwo adati yafa ndi ukalamba, naiika pa kabati.

Chimene chinkawadya mumtima chinali chiliza. Mvula idagwa zaka ziwiri pamanda a akazi awowo, Sophia, mtumbira ukutitimira, ndipo thonje silidawapatse kanthu. Tsiku lina akusanthula m'kachitini ka mabatani ka malemuwo, adapeza khobidi la ngwee lakalekale. Mbali imodzi m'mphepete munali mopyapyala, mopotoka ngati khutu la mbuzi.

Kutchalitchi anali atamva kuti ku Petauke kuli a Webster Daka, okonza mawotchi, amene amagula makobidi olakwika popanga. Akuti khobidi lopunduka limagula ng'ombe! Nkhani za kutchalitchi zimanenepa m'njira, koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Adapalasa njinga mpaka ku Nyimba, nakwera minibasi, chiliza atachimanga kale m'mutu.

A Daka adaika khobidilo pansi pa galasi lawo la mawotchi, nalitembenuza mosafulumira.

"Bambo, chilema cha ku fakitale khobidi limabadwa nacho," adatero. "Zilembo zimadindika kawili, kapena chithunzi chimathawila kumbali, koma chitsulo chimakhala chosalala. Manje onani apa. Timizele tonse tapita mbali imodzi, chitsulo chatukumuka pomwe chinafinyika. Ili linabadwa labwinobwino. Analipweteka ni munthu."

"Nindani angapweteke ndalama?"

"Wina anali kumasulila sikulu, timisomali tamazinga tija. Osati kamodzi, zaka ni zaka. Pakati apa chala chake chinafufuta chithunzi."

"Ndiye simugula?"

"Pepani maningi, aNjovu. Kwa ine lilibe nchito."

Manyazi adawagwira nkhalambayo, ndipo m'minibasi adakwiyira ngakhale wakufa. Mkazi wanzeru zake kusunga chitsulo chachabechabe pakati pa mabatani!

Adafika dzuwa litapendeka, naponya khobidilo pa kabati. Lidagubuduka nkukagona kuseri kwa wailesi. Poitembenuza kuti alitole, adaona sikulu imodzi yotsekera mabatire, kamzere kake kodyeka, kowala. Adalowetsa mbali yopyapyala ija. Idakhala ngati adayezera.

Chitseko chake chitatseguka, adapeza mabatire atatupa, atuluka zoyerayera. Pambali panali kansanza ka chitenje chobiriwira, kopindidwa kanayi, kotsinira batire kuti isagwedere. Chitenjecho adagula ndi iwo omwe ku Nyimba, chaka chimene Fabian adabadwa.

Pamenepo adakumbuka. Zaka makumi atatu ankadzitama kwa amuna anzawo kuti wailesi yawo siidya mabatire ngati za ena, poti mwini wake amadziwa kuisamala. Sophia akamva, ankangoyang'ana pansi nkumasenda mtedza wake, mapewa akugwedezeka. Pobwera kokagulitsa nthochi ankalowa m'nyumba yekha kanthawi, iwo ali kumunda kapena pakhonde, akutama wailesi.

Adatuluka nakhala pakhondepo, chala chawo chachikulu chili pomwe padafufutika paja. Chisoni chidawagwira kuposa cha tsiku la maliro, chifukwa tsikulo panali anthu.

"Amake Fabian," adatero, "kansi zaka zonse zija munali kuniseka chabe?"

Nkhuku zinkalowa m'khola imodziimodzi. Chiliza chidayenera kudikira thonje la chaka china. M'mawa mwake adapalasanso njinga kupita ku Nyimba, khobidi lili m'thumba la malaya, kukafunsa kwa nthawi yoyamba kuti wailesi yawo imadya mabatire otani.