Wazinga Ndani?

Obed anali ndi miyezi iwiri yokha chiyambireni kuphunzitsa, koma m'mutu mwake anali atakonza kale Chilomoni yense. Zotsatira za mayeso a Fomu 4 zinali zisanatuluke, ndiye m'malo mowothera dzuwa pakhonde, anakalowa pa kasukulu kena ka m'mbali mwa phiri, kumene anamupatsa Sitandade 5 ndi bokosi la choko.

M'kalasimo munali mtsikana wina, Asiyatu, amene banja lake linali litangosamukira kumene kuchokera ku Machinga. Msilamu anali yekhayo m'kalasi yonse. Pa buleki ankakhala payekha pafupi ndi mpanda, kumadya kachakudya kake atayang'ana kukhoma. Chikanireni soseji imene Jesinta, mtsikana wapakamwa kuposa onse, anamuninkha tsiku loyamba, kalasi inagamula mlandu: ameneyu ndi wamatama. Anamupatsa ndi dzina lomwe, Abwana.

Zimenezi zinkamuwawa Obed. Buku la aphunzitsi linkati pa mutu wa kulemekezana, ana azikambirana m'magulu kwa masabata atatu. Masabata atatu! Iye ankafuna Asiyatu adye pakati pa anzake Lachisanu la sabata lomwelo.

"Aliyense abweretse kapu imodzi ya mpunga," analengeza. "Ine ndibweretsa tambala. Tiphika mphika umodzi, tidya tonse. Anthu odyera mphika umodzi sanyozana."

Mawu amenewo anawakonda kwambiri moti anawalemba pabolodi ndi kuwadula mzere kunsi. M'maganizo mwake ankawaonanso kale Madamu Nasima a Sitandade 3, aja oseka ngati akubisa nkhani, ataima pazenera, akuzizwa kuti mnyamata wanzeru chonchi anali kuti masiku onsewa.

Lachisanu m'mawa anagwira tambala amene azakhali ake a ku Zingwangwa anamupatsa, nathamangira naye kuseri kwa bafa, mpeni uli m'manja.

"Obed, tadikira kaye!" anakuwa amayi ake ali m'nyumba.

Adikire chiyani? Mphindi ziwiri, ntchito inatha.

Pofika masana, fungo linali litadzaza bwalo la sukulu. Mbaula zinali ziwiri, pa ina mphika wa mpunga, pa ina wa nkhuku. Koma Obed atayang'ana anaona kuti miphika iwiri ikutsutsana ndi phunziro lake. Ananyamula wa nkhukuwo nakhuthulira zonse mumpunga, msuzi ndi nyama yomwe, n'kutakasa.

Ana anafola ndi mbale zawo. Asiyatu anali kumapeto, ndipo kwa nthawi yoyamba Obed anamuona akumwetulira. Mtima wake unavina. Mtsikanayo atafika pamphika anatambasula mbale, kenaka anafunsa motsitsa mawu.

"Sala, wazinga ndani?"

"Tambalayu? Ndapha ndine! Ndi manja angawa."

Mbale ija inabwerera pang'onopang'ono mpaka pachifuwa.

"Ndingodya mpunga wokha, Sala."

Onse awiri anasuzumira mumphika. Munalibe ndi njere imodzi yomwe imene msuzi sunaikhudze. Asiyatu anatembenuka, n'kuyamba ulendo wake wa masiku onse wa kumpanda. Wina kumbuyo ananong'ona kuti, "Abwana ayambapo," ndipo Obed anatsala ndi chipande m'manja.

"Iiii, Sala!" Anali Jesinta, fupa lili kukamwa. "Mwapha nokha? Osazingitsa?"

"Kupha ndi kuzinga si chimodzimodzi?"

"Mayo ine! Sala, munakulira kuti? Amayi anga ndi a Mvano enieni, koma nkhuku ya alendo amaitana a Hamudi a pa hadiweya kuti adzazinge. Amatchula dzina la Mulungu kaye. Apo ayi Asilamu sadya. Ngakhale mwana wa ku nazale amadziwa!"

Kalasi yonse inafa nacho chiseko, ndipo ulendo uno wosekedwa sanali Asiyatu. Obed anamva makutu kutentha. Anakumbukira mawu a amayi ake m'mawa uja.

Jesinta anasiya kuseka mwadzidzidzi, ngati waponda minga.

"Iwe Asiyatu, taima. Soseji ija unakana chifukwa chomwechi?"

"Eya."

"Nanga osanena bwanji?"

"Unafunsa? Unangoti ndine bwana."

Jesinta anakanda m'mutu. Anayang'ana mbale yake, anayang'ana mnzakeyo.

"Nkhukuyi ndiye ndidya, ndisakunamize, yakoma. Koma kumpanda sukupita. Khala apa." Anamukoka dzanja n'kumukhazika pabenchi, natulutsa m'chikwama chake zigege zitatu zokulunga m'pepala. "Izi sazinga. Inu nonse, tulutsani zimene mwabisa! Bernadeta, ndakuona ndi nthochi m'mawa."

Zinatuluka nthochi. Unatuluka mtedza, chinangwa chophika, peyala lakupsa kwambiri mbali imodzi, ndi bisiketi wothyoka amene mwini wake anamupereka akuusa moyo. Mbale ya Asiyatu inadzaza mpaka zina kugwera pamiyendo.

Obed anamva kununkhira kwa mafuta odzola kumbuyo kwake. Madamu Nasima sanali pazenera ayi, anali pambali pake penipeni, ndipo anali ataona zonse.

"Aphunzitsi a ulemu," anatero, akulimbana ndi chiseko, "phunziro layenda?"

"Madamu, ine ndimafuna..."

"Ndikudziwa. Mumafuna zabwino, koma mothamanga. Ulendo wina tambala adzabwere wamoyo, akulira yekha. Inenso ndine Msilamu, ndimafuna nditalawako."

Anapita akupukusa mutu. Obed anatsala pamphika paja, osadziwa ngati wanyozedwa kapena waitanidwa.

Pabenchi paja mkangano unali utabuka kale. Jesinta ankati ku Machinga kulibe ma minibasi, anthu amakwera njinga mpaka ku ukwati. Asiyatu, m'kamwa muli zigege, anamugunda ndi chigongono.

"Bodza! Unafikako iwe?"

"Ndinamva."

"Ndiye vuto lako limenelo. Tandipatsira mchere."